Nafumbi ndi Kompyuta Yozima Masana

Inu amene mwadzuka lero manja ali lende, mukuti basi zanu zada, tasenderani kuno. Ndikufuna ndikuuzeni za mayi wina amene anzake a kuntchito ankamutcha Nafumbi. Dzina lake lenileni analinalo, koma pa shopu yokonza makompyuta imene ankagwirapo palibe ankalikumbuka. Fumbi ndilo linali ntchito yake: kusesa, kukolopa, ndi kutsegula makompyuta a anthu n'kuwapemerera ndi bulowa mpaka iye mwini kutuwa mbuu ngati wachokera kuchigayo.

Lolemba lina m'mawa mwini shopu, bambo wachikulire amene onse ankangomuti Madala, anamuitanira kuseri kwa mashelefu. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Munthu akayamba kupukuta magalasi osada, dziwani kuti nkhani yake si yabwino.

"Mayi, eni nyumba ino alemba kampani yoti izisesa nyumba yonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndayesa kukana koma zakanika. Lachisanu ndi tsiku lanu lomaliza."

"Ndamva, bwana," anatero Nafumbi. Anatenga ndowa yake, n'kukakhala pa masitepe a kuseri, n'kulira kulira kwa munthu wamkulu, kuja kopanda mawu.

Anali ndi zaka 36. Mayeso omaliza a sekondale analemba katatu, ndipo katatu konseko anagwa chagada. Sikuti mutu unali wosagwira ayi, koma anali wochedwa. Anzake akamapereka mapepala, iye n'kuti akadali pa funso lachitatu, akuliwerenganso kuti atsimikize. Banja nalo linatha kalekale. Ankakhala kwa achimwene ake, m'kachipinda kamene kale ankasungiramo njinga ndi zitini za penti. Ndiye tandiuzani, munthu wopanda pepala ngakhale limodzi, tsache lokhalo limene ali nalo akumulanda, alowera kuti?

Koma panali kanthu kena kamene anthu a pa shopupo sankakadziwa, kupatula Madala.

Kuseri kwa shopuyo kunali kachipinda ka malata kosungiramo zipangizo zakufa. Masana munkatentha moti palibe ankafuna kulowamo. Amisiri akapita kukadya, Nafumbi ankalowa mmenemo. Anatola bolodi yolumikizirapo zipangizo zonse apa, memore apo, fani wothyoka phiko limodzi, mpaka anamanga kompyuta yakeyake, yonyansa, yomangidwa ndi mawaya, koma yoyaka. Tsiku lina Madala anamupezerera. Mayiyo anaimirira, akuti lero ndapita. Madala anachiyang'ana chimakinacho nthawi yaitali, n'kutuluka. Mawa lake anabwera ndi kope latsopano ndi bolopeni.

"Zotayidwa zilibe mwini," anatero. "Koma lamulo ndi limodzi. Sinthani chinthu chimodzi, lembani, yesani. Mukaona zotsatira zake, ndiye musinthe china."

Achimwene ake nawo anamupatsa foni yawo yakale yosweka galasi. Chingerezi cha pa intaneti ankachiwerenga movutikira, liwu limodzilimodzi, chala chili pa galasi, koma ankawerenga ndithu. Zaka zitatu zinatha choncho, makope n'kukwana anayi.

Chimene chinamutenga mtima kwambiri ndi ntchito imene amisiri amati kuovakuloka, kutanthauza kuikankha purosesa, ubongo wa kompyuta, kuti izithamanga kuposa mmene anaipangira. Ukaikankha purosesa, memore nayo iyenera kutsatira, chifukwa ndi imene imaipatsira zogwirira ntchito. Nafumbi ankazimva motere: awiriwa ali ngati anthu oponyerana njerwa pomanga nyumba. Pali liwiro limene woponya akuponyera, ndiye palinso kamphindi kamene amadikira kuti njerwa igwirike bwino m'manja asanaiponye. Manambala a kudikirako ndi amene amawatcha mataimingi. Ukakweza liwiro, kudikira kuyenera kutalikako. Ukafupikitsa kudikira, liwiro litsikeko. Ukaumirira zonse ziwiri, njerwa imagwera munthu pamutu.

Katswiri wa zimenezi pa shopupo anali bambo wina wa madipuloma awiri amene ankamutcha Liwiro. Ameneyu kuyenda kothamanga, kudya kothamanga, ngakhale moni ankapereka atakudutsa kale. Nzeru anali nazo, tisamunamizire. Koma kompyuta ikangoyaka n'kutha mphindi khumi osazima, iye ankaomba m'manja n'kuti, "Yatheka! Bweretsani ina."

Lachiwiri m'mawa kunalowa mayi wina wojambula mapulani a nyumba, nkhope ili ndwii, mlonda wa pa khomo akumutsatira atasenza kompyuta. Anthu onse a mu shopu anaizindikira. Inali imene Liwiro anaikankha mwezi wathawo.

"Madala, ndatopa nanu," anatero mayiyo. "Ine ndinapempha kuti muiwonjezere liwiro, osati muiphunzitse kukomoka. Ndikaipatsa pulani yaikulu kuti itulutse chithunzi cha nyumba, imagwira ola limodzi, awiri, kenako sikirini yonse buluu, ntchito yapita. Aka n'kachitatu. Ikadzazimanso, makompyuta onse a ku ofesi kwathu ndizikakonzetsa kwina."

Liwiro anaiyatsa pomwepo. Inayaka bwinobwino, ngati mwana wodwala amene amachira akangoona dokotala.

"Mwaona? Pano ilibe vuto. Mwina ndi magetsi a kwanu, mayi."

Nafumbi n'kuti akukolopa pansi pa tebulo. Sanazolowere kulankhula pamaso pa makasitomala. Koma munthu amene ntchito yamuthera kale saopanso kuchotsedwa.

"Pepani mayi, kodi imazima nthawi yanji?"

Onse anacheuka. Liwiro anaseka mpaka kugwira pamimba. "Eee, a Nafumbi alowa m'bwalo! Kodi mopu nayonso ili ndi mataimingi?"

Mayi a mapulani sanaseke. Anaganiza pang'ono. "Masana. Cha m'ma 2 kapena 3 koloko. M'mawa sinazimepo."

Nafumbi anali ndi chifukwa chofunsira. Maulendo awiri oyamba amene kompyutayo inabwera pa shopupo, wotumidwa kukaisiya ku ofesi ya mayiyo anali iyeyo. Anaisenza masitepe onse mpaka ofesi ya pamwamba penipeni, pansi pa denga, zenera lalikulu loyang'ana kolowera dzuwa. Anatsikako thukuta lili kamukamu. Pomwe mu shopu munali makina oziziritsa mpweya, mozizira moti amisiri ankagwira ntchito atavala majuzi.

"Bwana, ndikuganiza kuti ikudwala kutentha," anatero. "Muno siingazime."

"Purosesa ndinaiyeza, siikutentha," anatero Liwiro.

"Sindikunena purosesa, ndikunena memore. Ndiloleni ndikaiyesere m'kachipinda ka zakufa kaja."

Madala anavulanso magalasi aja. Pakona panali mpando wa mmisiri wina amene anasiya ntchito chaka chatha, pamwamba pake ataunjikapo makatoni. Anauloza.

"Mayi a mapulani, tipatseni mpaka Lachisanu. Inu a Nafumbi, ikakagwira ntchito ku ofesi kwawo Lachisanu masana onse osazima, mpando uwo ndi wanu. Ikakazima, tidzalira tonse, koma sindidzakhala ndi chokuchitirani."

Masana omwewo Nafumbi anaikokera m'kachipinda kaja, n'kutseka chitseko ndi zenera. Asanagwire chilichonse anakopera m'kope manambala onse amene Liwiro anaika, masamba awiri athunthu. Liwiro la memore linali pa 3800, nambala yoyamba ya kudikira pa 18. Kenako anayatsa pulogalamu yoyezera memore, imene imalemba mzere wofiira ikapeza cholakwa. Ola loyamba, zii. Ola lachiwiri, zii. Itangodutsa 2 koloko, malata atayamba kulira ndi dzuwa, mzere wofiira unatuluka, wina n'kutsatira. Sanayambe wasangalalapo ndi cholakwa ngati tsiku limenelo. Matenda anali atawapeza, kunatsala mankhwala.

Lachitatu anatsitsa liwiro, kuchoka pa 3800 kufika pa 3600. Chinthu chimodzi, n'kulemba, n'kuyesa. 2 koloko inadutsa bwinobwino, 3 koloko nayo. Anayamba kuimba kanyimbo chapansipansi. Itatsala pang'ono 4 koloko, mzere wofiira uja uwo!

Apa ndiye Nafumbi anachita chimene sanachitepo zaka zitatu zonse zija. Anawerenga masiku otsala, mantha n'kumugwira, n'kusintha manambala anayi nthawi imodzi. Atayatsanso, mafani anazungulira, koma sikirini inangoti bii. Anazimitsa, kuyatsa. Bii. Ankadziwa kuti pa bolodi pamakhala kabatire kozungulira ngati batani la jekete, ndipo ukakachotsa kompyuta imaiwala manambala olakwikawo. Anakafuna pakona iliyonse, osakaona. Bolodi yamakonoyi sinali ngati zakufa zimene anazolowera. Anakhala pansi pa simenti, kope lili pamiyendo. Anali atapha kompyuta ya mwini wake, ndiponso anali atachititsa manyazi Madala.

Chitseko chinatseguka. Anali Liwiro. Kaya anabwera kudzaseka, kaya kudzafuna waya, sitikudziwa. Anayang'ana sikirini, anayang'ana misozi ya Nafumbi. Anagwada, n'kumasula khadi lalikulu la zithunzi, n'kulizula. Kabatire kaja kanali pansi pake, kali phee.

"Siinafe iyi, yangonyanyala," anatero. "Mwasintha zingati nthawi imodzi?"

"Zinayi."

"Aaa, a Nafumbi, mwayamba kutengera ine? Nyumba imodzi sikhala ndi amisala awiri."

Nafumbi anaseka misozi ili m'masaya. Liwiro atafika pakhomo anaima, n'kukanda kumutu. "Manambala ang'onoang'ono ajatu sindinawayese. Ndinangowakopera pa intaneti, kwa munthu wina amene anati kwa iye akuyenda bwino. Musawauze Madala."

Madzulo ake kunyumba, chakudya chinamukanika Nafumbi. Alamu ake, mkazi wa achimwene aja, anali kukhitchini akuwiritsa mkaka.

"Alamu, mkakawu simunauwiritse m'mawa?" anafunsa, kungofuna cholankhula.

"Ndinauwiritsa. Koma ndi kutentha kumeneku, ukausiya ufika mawa utasasa. Nyengo yozizira kamodzi n'kokwana. Yotenthayi uyenera kumabwereza."

Nafumbi anagwetsa supuni. Anakumbukira zimene anawerengapo pa foni yosweka ija, ndipo anazilemba m'kope lachitatu. Memore siisunga chinthu kwa nthawi yaitali payokha. Imaiwala m'kanthawi kochepa zedi, ndiye kompyuta imaikumbutsa pafupipafupi. Pa mataimingi aja pali nambala imodzi imene imanena kuti papite nthawi yaitali bwanji isanakumbutsidwenso. Ukaitalikitsa, memore imapeza mpata wogwira ntchito yambiri. Koma memore ikatentha imaiwala msanga. Anathamangira kuchipinda, n'kuvundukula masamba awiri a manambala a Liwiro aja. Nambalayo inali pa 65535, pamapeto penipeni pamene munthu sangaikwezenso.

"Achemwali, mwaona mzukwa m'kopemo?" anafunsa achimwene ake.

"Achimwene, akazi anuwa muziwasamala. Ndi injiniya."

"Ine? Pa mkaka womwewu?" anatero alamuwo, n'kuseka.

Lachinayi anabwerera ku lamulo la Madala. Anabwezeretsa manambala onse kuchokera m'kope, purosesa n'kuisiya mmene Liwiro anaikankhira, chifukwa pamenepo panalibe cholakwa. Liwiro la memore pa 3600 monga dzulo. Ndiye anasintha chimodzi chokha: nambala yokumbutsa ija anaitsitsa, kuibweza pamene anaiika opanga memoreyo. Kuyambira 12 koloko mpaka 4 koloko itadutsa anakhala m'ng'anjomo, botolo la madzi pambali, maso pa sikirini. Panalibe mzere wofiira ngakhale umodzi.

Wina akanalekera pomwepo. Koma mayi a mapulani anapempha liwiro, ndipo iye anali atalitsitsa. Ndiye anagwira nambala yoyamba ya kudikira ija, kuichotsa pa 18 kuiika pa 16. Woponya njerwa wachepetsa liwiro, ndiye atha kufupikitsa kudikira. Analemba, n'kuyesanso maola ena awiri, zenera lili chitsekere. Madala akutseka shopu anamupeza atanyowa ngati wagwera m'chitsime, akumwetulira yekha.

Lachisanu anaisenzanso masitepe aja, ulendo uno Madala ndi Liwiro akumutsatira. Mayi a mapulani anayang'ana manambala pa sikirini, n'kukwinya nkhope.

"3600? Inali 3800. Ndiye kukonza kwanu n'kumeneku, kunditsitsira?"

"Mayi, kuthamanga sikufika," anatero Nafumbi. "Ndatsitsa liwiro pang'ono, koma ndafupikitsa kudikira. Tayesani kaye pulani yaing'ono imene mukudziwa nthawi yake."

Mayiyo anatsegula pulani ya kanyumba ka zipinda ziwiri imene inkatenga mphindi 11. Inatha pa mphindi 11 zomwezo, mwinanso kuperewera pang'ono. Mayiyo anagwedeza mutu. Anatsegula pulani yaikulu, ya sukulu ya nsanjika zitatu, imene inakomola kompyutayo katatu konse. Nthawi inali 1 koloko.

Abale, kudikira ndi ntchito. Dzuwa linatsetsereka n'kulowa pa zenera lija. Madala anavula jekete. Liwiro anayenda uku ndi uku mpaka mayi a mapulani anamuuza kuti akhale pansi asanabowole kapeti. Nafumbi anaima pakona, manja kumbuyo, monga ankaimira masiku onse m'maofesi a anthu. 2 koloko inakwana. 3 koloko. Chithunzi chinkatuluka pang'onopang'ono, denga, mazenera, masitepe. Itatsala pang'ono 4 koloko, nthawi ija mzere wofiira unamutulukira Lachitatu, anatseka maso n'kupemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wake: "Ambuye, chonde."

Cha m'ma hafu pasiti 4 kompyuta inalira kabelu kakang'ono. Sukulu yonse inali pa sikirini, mpaka mitengo ya pabwalo.

Mayi a mapulani anaiyang'ana, n'kutembenuka. "Madala, makompyuta ena asanu ali chipinda chinacho. Koma ndikufuna awagwire mayi awa."

Liwiro ndi amene anayamba kuomba m'manja. Nafumbi anasendera pafupi kuti athokoze. Anangogwira dzanja la Madala ndi manja awiri.

Lolemba lotsatira anafika 7 koloko monga mwa masiku onse. Miyendo inamutengera yokha kuseri kwa chitseko kumene kunkakhala tsache. Anali atasesa kale theka la shopu pamene Madala analowa.

"Amisiri, tsachelo lili ndi eni ake tsopano," anatero. "Tasiyani. Makina akukudikirani."

Nafumbi anacheuka kuti aone mmisiri amene akuuzidwayo. Kumbuyo kwake kunalibe munthu. Pakona paja makatoni anali atachotsedwa, mpando utapukutidwa, ndipo pa tebulo panali sikuludiraiva yatsopano ndi kope lachisanu. Anakhala pampandopo n'kulira, ulendo uno mokweza, osabisa.

Lero mukapita pa shopu imeneyo mukamupeza. Dzina la Nafumbi anakana kulisiya. Amati fumbi ndi limene linamulowetsa m'kati mwa makompyuta, ndipo masitepe amene ankadandaula nawo ndi amene anamuuza za kutentha kwa ofesi ija. Mukamuyamikira, iye amayamba kutchula anthu: Madala ndi kope lawo, achimwene ndi foni yosweka, alamu ndi mkaka wawo, ngakhale Liwiro, amene masiku ano kompyuta iliyonse amaiyesa maola atatu m'kachipinda kotentha kaja, akung'ung'udza njira yonse. "Ndikanakhala ndekha," amatero, "bwenzi ndikadali pa masitepe a kuseri ndi ndowa yanga."

Ndiye inu amene anakuuzani kuti ndinu ochedwa, inu amene belu linalira mukadali pa funso lachitatu, mvetserani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yonyozeka imene muli nayo leroyo ikukuonetsani zinthu zimene a madipuloma sakuziona. Sinthani chinthu chimodzi, lembani, yesani. Sikirini ikati bii, musathawe, kabatire kali pomwepo, ndipo wokuthandizani kukapeza akhoza kukhala yemwe uja ankakusekani. Amene anakupatsani kope kapena foni yosweka, pitani mukawathokoze akadali moyo.

Mtima wanuwo musautaye, abale anga. Mpando wanu ulipo, angouunjikira makatoni.